Kusanja mawu a Chingerezi m'mabanja: momwe mungakonzekerere Wordle ndi Scrabble

Tsiku lina m'mawa ndinatsegula Wordle pa foni, ndipo pofika mzere wachiwiri wokha mabokosi anayi anali atabiriwira kale: O, U, N, D. Chinatsala ndi chilembo choyamba basi, mizere yolembamo ikadalipo inayi. Mtima unali m'malo. Ndinalemba ROUND, ayi. SOUND, ayi. FOUND, ayi. POUND, ayinso. Yankho linali WOUND, liwu loti ndinalidziwa ndili ku pulayimale. Chimene chinandigwetsa tsiku limenelo si kuperewera kwa Chingerezi. Ife mawu timawasunga m'mutu potengera tanthauzo lake, monga mmene aphunzitsi anatizolowezera, pomwe masewerawa amafuna munthu amene wawasunga potengera kutalika kwake ndi malo amene chilembo chilichonse chakhala. Kasungidwe kachiwirika kamaphunzirika, ndipo zida zake ndi kope limodzi, cholembera ndi mtanthauziramawu.

Kwa inu amene simunayambe mwasewerapo: Wordle anaipanga Josh Wardle, katswiri wa mapulogalamu a kompyuta wochokera ku Wales amene ankakhala ku Brooklyn, mumzinda wa New York. Anaitsegulira anthu onse mu Okutobala 2021, ndipo kumapeto kwa Januwale 2022 nyuzipepala ya New York Times inaigula. Tsiku lililonse pamakhala liwu limodzi lobisika la zilembo zisanu, lofanana kwa osewera onse, ndipo muli ndi mizere 6 yoti mulipezere. Pakati pa usiku liwu latsopano limalowa.

1. Muwerenge mitundu molondola

Mukalemba liwu, bokosi lililonse limasintha mtundu. Lobiriwira likutanthauza kuti chilembocho chilimo ndipo chili pamalo pake. Lachikasu likuti chilimo koma mwachikhazika polakwika. Lotuwa ngati phulusa likuti mulibe. Izi aliyense amazigwira tsiku loyamba lomwe.

Chimene ambiri amachedwa kuchizindikira ndi cha zilembo zobwereza. Mukalemba liwu lokhala ndi E awiri, monga SHEEP, pomwe yankho lili ndi E mmodzi yekha, E mmodzi adzalandira mtundu, winayo adzatuwa. Kutuwa kumeneko sikukuti E mulibe, kukungokuuzani kuti wachiwiri palibe. Komanso chilembo chikabiriwira, sindiye kuti chatha ntchito. Chikhoza kupezekanso pamalo ena m'liwu lomwelo. Bokosi lachikasu nalo limakuuzani zinthu ziwiri nthawi imodzi: chilembo chilimo, ndipo pamalo amenewo sichingakhaleponso. Anthu amakumbukira choyambacho n'kuiwala chachiwiri, mzere wathunthu n'kupita pachabe.

2. Musankhe liwu loyambira, n'kulikakamira

Mndandanda woyambirira wa mayankho a Wordle unali ndi mawu 2,315, ngakhale kuti mawu ololedwa kuyesa anali pafupifupi 13,000. M'mayankho amenewo chilembo chopezeka kwambiri ndi E, kenako A, R, O, T, L, I, S, N ndi C. Choyambira mawu ambiri kuposa china chilichonse ndi S, ndipo kumapeto kumakonda kukhala E, Y kapena T. Ndiye liwu labwino loyambira ndi lokhala ndi zilembo zisanu zosiyana zochokera m'gulu limeneli: SLATE, CRANE, STARE, TRACE, RAISE.

Anthu ambiri amakonda ADIEU kapena AUDIO chifukwa muli mavawelo anayi. Ine sindikulimbikitsani zimenezo. Mavawelo ndi asanu okha, ndipo amadziulula okha masewera akamapita. Chimene chimasiyanitsa liwu ndi linzake mu Chingerezi ndi makonsonanti. Mukadziwa kuti muli A ndi E, mawu otsala ndi mazanamazana. Mukadziwa kuti muli R ndi T koma mulibe S ndi L, mwadula kale gawo lalikulu.

Mukhalenso ndi liwu lachiwiri losungira tsiku limene loyamba latuwa lonse. Ngati mumayamba ndi SLATE, lachiwiri likhale lopanda S, L, A, T, E, monga CORNY kapena ROUND. Mizere iwiri, zilembo khumi zayesedwa.

3. Mutsegule kope la mabanja

Apa ndi pamene pagona ntchito yeniyeni. Tengani kope, tsamba lililonse likhale la banja limodzi. Banja ndi mawu a zilembo zisanu amene amasiyana chilembo chimodzi chokha. Pamwamba pa tsamba lembani chigoba chake, mpata wa chilembo chosowacho mutausiya, kenako yendani ndi zilembo kuyambira A mpaka Z, chimodzichimodzi, mukuyesa ngati chikupanga liwu. Musathamangire mtanthauziramawu. Yambani ndi mutu wanu, ndipo mukatopa m'pamene mutsegule buku kuti muone amene mwawadumpha. Liwu limene mwalidumpha mulilembe ndi cholembera chofiira, chifukwa limenelo ndi limene lidzakugwetseni.

Mabanja oyamba kulemba ndi amene ali ndi ana ambiri, poti ndi amene amatha mizere ya munthu:

_IGHT: EIGHT, FIGHT, LIGHT, MIGHT, NIGHT, RIGHT, SIGHT, TIGHT
_OUND: BOUND, FOUND, HOUND, MOUND, POUND, ROUND, SOUND, WOUND
_ATCH: BATCH, CATCH, HATCH, LATCH, MATCH, PATCH, WATCH
_ASTE: BASTE, CASTE, HASTE, PASTE, TASTE, WASTE
SHA_E: SHADE, SHAKE, SHALE, SHAME, SHAPE, SHARE, SHAVE

Taonani EIGHT m'banja loyambalo. Khutu silingakupatseni liwu limeneli, chifukwa silimveka ngati LIGHT kapena NIGHT. Chimodzimodzi WATCH pakati pa CATCH ndi MATCH, ndi WOUND amene anandigwetsa ine uja, amene akamatanthauza bala samveka ngati SOUND. N'chifukwa chake ndikuti muziyenda ndi zilembo papepala, osati kungotchula mawu omveka mofanana. Banja lake ndi la maso, si la makutu.

Pambali pa liwu lililonse lachilendo lembani tanthauzo lake m'Chichewa, mwachidule. MOUND, mulu wa dothi ngati chulu. LATCH, kachitsulo kokowera chitseko. HOUND, galu wosakira nyama. SHALE, mwala wosendeka m'magawomagawo. Ena amati tanthauzo n'losafunika pa masewera, ndipo n'zoona kuti bokosi limabiriwira ngakhale usakudziwa chimene walemba. Koma liwu lopanda tanthauzo silikhalitsa m'mutu. Pakatha sabata lapita. Ndipo kunena zoona, phindu lalikulu la kope limeneli ndi loti Chingerezi chanu chimakula osamva kuti mukuwerengera mayeso.

Musalembe mabanja onse tsiku limodzi. Limodzi pa tsiku n'lokwanira, makamaka banja la liwu limene linali yankho la tsikulo. Yankho likakhala STORE, madzulo ake tsegulani tsamba la S_ORE ndi la STO_E: SCORE, SHORE, SNORE, SPORE, SWORE, kenako STOKE, STOLE, STONE, STOVE. Pakutha kwa mwezi muli ndi masamba 30.

4. Musamale ndi misampha ya ife olankhula Chichewa

Pali zinthu zimene zimapunthwitsa ife makamaka, ndipo zimafuna masamba akeake.

Choyamba ndi L ndi R. M'Chichewa ziwirizi sizisintha tanthauzo la liwu. Timangolemba R pambuyo pa E kapena I, monga mu kulira ndi kulera, ndipo L kwina konse. Mu Chingerezi ndi zilembo ziwiri zosiyaniratu, ndipo pali mawu ambiri a zilembo zisanu amene amasiyana pamenepo pokha. Gawani tsamba pakati, kumanzere L, kumanja R: BLAND ndi BRAND, BLUSH ndi BRUSH, BLOOM ndi BROOM, CLASH ndi CRASH, CLOWN ndi CROWN, FLAME ndi FRAME, FLESH ndi FRESH, GLASS ndi GRASS, GLOOM ndi GROOM, PLANK ndi PRANK. Chizolowezi chimene mukufuna kuti chimere ndi ichi: L akatuwa, mutu uzifunsa wokha kuti nanga R? Ndaonapo anthu odziwa Chingerezi bwino akutaya masewera chifukwa atayesa CLOWN, CROWN sanawabwerere m'maganizo n'komwe, poti m'khutu mwawo linali liwu lomwe lija ayesa kale.

Chachiwiri ndi mathero a mawu. Liwu la Chichewa limathera pa vawelo, ndipo m'kati mwake makonsonanti ndi mavawelo amasinthanasinthana mwadongosolo. Ndiye tikaona mipata iwiri kumapeto, dzanja limathamangira kuikapo vawelo. Chingerezi chimaunjika makonsonanti kumapeto mopanda mantha. Lembani tsamba la mathero amenewa, lililonse ndi zitsanzo zitatu kapena zinayi: CK monga mu BRICK ndi FLOCK, NT mu PLANT ndi COUNT, ST mu FROST ndi TWIST, MP mu STAMP ndi CLUMP, RTH mu BIRTH ndi WORTH, NCH mu BENCH ndi LUNCH. Palinso mawu opanda A, E, I, O, U n'komwe, amene Y ndiye akugwira ntchito ya vawelo: CRYPT, NYMPH, GLYPH, LYMPH, TRYST, DRYLY. Ndi ochepa, koma tsiku limene mavawelo onse asanu atuwa mudzathokoza kuti munawalemba.

Chachitatu ndi kalembedwe. Ku sukulu za ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe tinaphunzira kalembedwe ka ku Britain, komwe COLOUR ndi FAVOUR ali ndi zilembo 6. Wordle imatsata kalembedwe ka ku America, komwe U amachotsedwa, mawuwo n'kukhala a zilembo zisanu ndendende. FAVOR atatuluka ngati yankho mu Januwale 2022, osewera a ku Britain anadandaula kwambiri. Tsamba limodzi likhale la amenewa: COLOR, FAVOR, HONOR, HUMOR, LABOR, RUMOR, TUMOR, VAPOR, VIGOR, ARMOR. Muwonjezereponso amene amatembenuza RE kukhala ER, monga FIBER ndi METER.

Zilembo zobwereza zipatseni tsamba lomaliza la gawo limeneli: QUEEN, ABBEY, FUZZY, VIVID, ERROR, LEVEL, KNOLL, MUMMY. Zilembo zonse zodziwika zikatuwa ndipo palibe liwu likubwera, kawirikawiri ndiye kuti chilembo china chimene mwachipeza kale chilimo kawiri.

5. Muphunzire kutuluka mumsampha wa banja

Tibwerere ku _OUND. Mwatsala ndi mizere inayi, mawu otheka ndi 8. Mukamangoyesa limodzilimodzi, ndi mwayi chabe. Mukhoza kupeza, mukhozanso kugwa ngati mmene ndinagwera ine. Njira yake ndi kupereka nsembe mzere umodzi. Lembani pambali zilembo zoyambira zonse zotheka: B, F, H, M, P, R, S, W. Kenako pezani liwu lina lililonse lonyamula zambiri mwa izo, ngakhale mukudziwa kuti si yankho. BRUSH wanyamula B, R, S ndi H. B akabiriwira, yankho ndi BOUND. R, S kapena H akachita chikasu, mwadziwa kuti ndi ROUND, SOUND kapena HOUND. Zonse zinayi zikatuwa, zatsala F, M, P, W, ndipo WIMPY akuyesa zitatu mwa izo nthawi imodzi. Zitatuzo zikatuwanso, yankho ndi FOUND. Zivute zitani, mulipeza musanathe mizere.

Pa _IGHT liwu lopulumutsa ndi FILMS, lomwe likuyesa F, L, M ndi S. Zikatuwa, RENTS akuyesa R, E ndi N. T wa mu RENTS musamuwerengere, adzachita chikasu basi chifukwa cha T wa kumapeto kwa IGHT. Koma R, E ndi N zikatuwa, dziwani kuti pa mawu amene tinalemba aja watsala TIGHT. Mawu ochulukitsa ongowonjezera S kumapeto, monga FILMS ndi RENTS, sakhala mayankho a Wordle, koma amaloledwa kuyesa, ndipo pa ntchito ngati iyi ndi othandiza zedi.

Mawu opulumutsawa musamawafunefune masewera ali m'kati. Apezeni pasadakhale, muwalembe pansi pa tsamba la banja lililonse m'kope lanu. Kuwafunafunako pakokha ndi masewera okoma, ndipo kumakhomerera banjalo m'mutu kuposa kuliwerenga kakhumi.

Wordle ili ndi njira ina yosewerera yotchedwa hard mode, imene imakukakamizani kugwiritsa ntchito chilembo chilichonse chimene mwachipeza pa mizere yonse yotsatira. Mukayatsa imeneyo, njira yoperekera nsembeyi yatsekeka. Isiyeni kaye mpaka kope litanenepa.

6. Muyese zonse pamodzi

Tiyerekeze kuti mwayamba ndi SLATE. A wabiriwira pamalo achitatu, zina zonse zatuwa. Mzere wachiwiri mukufuna zilembo zatsopano zinayi mozungulira A ameneyo, ndiye mwalemba CHAIR. R wachita chikasu. C, H ndi I zatuwa. Imani apa, musathamange. R alimo koma si kumapeto, ndipo pachitatu pali kale A. Akakhala pachiwiri, mawu otheka ndi monga BRAND, GRAND, DRANK, PRANK, DRAWN, FRAUD, GRAVY. Akakhala pachinayi, ndi BOARD, GUARD, AWARD, DWARF. Liwu labwino lachitatu ndi loyankha mafunso angapo nthawi imodzi, ndipo BOARD akufunsa za malo a R, za B, za O ndi za D. Zotsatira: B wabiriwira, D wabiriwira, O watuwa, R wachitanso chikasu. Tsopano R alibe kwina kopita koma pachiwiri: BRA_D. Mawu otheka ndi awiri, BRAID ndi BRAND, koma I anatuwa kale pa mzere wachiwiri. BRAND, pa mzere wachinayi.

Musanakanikize batani lotumizira liwu, muziyang'ana kaye zilembo zotuwa zili m'munsimo. Kubwereza chilembo chimene chinatuwa kale ndi kulakwitsa kofala kuposa kwina kulikonse, makamaka munthu akamasewera ali m'minibasi kapena akudikira madzi a tiyi kuti awire.

Pa intaneti pali malo amene mumangolembapo zilembo zimene mwapeza, iwo n'kukupatsani mawu onse otheka. Masewera ali m'kati musapiteko, chifukwa mutu suphunzira kanthu. Mukamaliza, ndi abwino podzazitsira masamba a kope.

7. Mupite nalo kopelo ku Scrabble

Luso lomweli ndi limene limapambanitsa pa Scrabble, masewera oyala timatabwa ta zilembo pa bolodi n'kumapanga mawu, akale kwambiri kuposa Wordle. Anawayambitsa Alfred Mosher Butts, katswiri wojambula mapulani a nyumba wa ku America, m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina loti Scrabble linabwera mu 1948 kudzera mwa James Brunot. M'thumba mumakhala timatabwa 100, wosewera aliyense amagwira 7, ndipo wotsitsa tonse 7 nthawi imodzi amalandira mapointi 50 apamwamba. Butts anawerengetsa mmene zilembo zimapezekera mu Chingerezi, n'chifukwa chake E alipo 12 ndipo amangopatsa pointi imodzi, pomwe Q ndi Z alipo mmodzimmodzi koma aliyense ndi wa mapointi 10. J ndi X ndi a 8.

Kuno kutalika kofunika si zisanu ayi, ndi ziwiri ndi 7. Mawu a zilembo ziwiri ndi amene amakulolani kukhazika liwu mogundana ndi linzake, n'kudya mapointi mbali ziwiri. Mu mndandanda wa mawu ololedwa wotchedwa Collins, umene umagwiritsidwa ntchito pa mipikisano ya kunja kwa America ndi Canada, alipo oposa 120. Yambani ndi onyamula zilembo zodula: QI, ZA, ZO, JO, XI, XU, AX, EX, OX. Q ndi X kulibe m'kalembedwe ka Chichewa, ndiye zikatigwera m'manja timaziona ngati katundu. Koma QI yekha ndi mapointi 11, ndipo Q akakhala pa bokosi lochulukitsa katatu n'kuwerengedwa chopingasa ndi chotsika chomwe, mwadutsa 60 ndi timatabwa tiwiri. Poti ma U alipo anayi okha m'thumba lonse, tsegulaninso tsamba la Q wopanda U: QI, QAT, QADI, QAID, FAQIR, NIQAB, TRANQ.

Pa mawu a zilembo 7, banja limamangidwa mosiyana pang'ono. Mumatenga tsinde la zilembo 6 zopezeka kawirikawiri, n'kumawonjezera chimodzi, kenako n'kusakaniza. Tengani RETAIN. Mukawonjezera C mupeza CERTAIN. D akupatsani TRAINED. G akupatsani GRANITE, TEARING ndi INGRATE. M akupatsani MINARET. S akupatsani RETAINS, NASTIER ndi RETINAS. Tsinde limodzi limadzaza tsamba lathunthu, ndipo mukalidziwa mumayamba kusunga A, E, I, N, R, T m'manja, n'kumataya zilembo zina mwadala. Osewera akuluakulu amaloweza matsinde otere ambirimbiri. Wellington Jighere wa ku Nigeria, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse ku Perth m'dziko la Australia mu 2015, anali munthu woyamba wa mu Africa kutenga ulemu umenewo.

Tsamba limene ndimalikonda kwambiri m'kope langa ndi la mawu a kwathu kuno amene analowa mu Collins. KWACHA ndi lololedwa, ndipo palokha ndi mapointi 18 chifukwa cha K, W, C ndi H. NGWEE ya ku Zambia ilimo, NYALA alimo, NGOMA ndi MBIRA zilimonso. TAMBALA ali ndi zilembo 7 ndendende. Mukadzagwira ma A atatu pamodzi ndi T, M, B ndi L, timatabwa toti wina angataye mtima nato, tsitsani tonse mutenge 50 yanu. Mnzanu akadzatsutsa kuti chimenecho ndi Chichewa, mupatseni Collins atsegule yekha pa T.